Dokotala wa Ana a Eni

Zikomo Bambo Mfumu, zikomo mafumu onse muli pano, akuluakulu a mpingo ndi a chipani, anzawo a malemu a kuchipatala, adzukulu, ndi inu nonse mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe pa chisoni chimenechi. Kumbuyoko ndikuona ena akunong'onezana kuti kodi mayi ameneyu ndi ndani, ndipo zinayamba liti kuti mbiri iziwerengedwa ndi munthu wamkazi. Ndine Esitele, mlongo wawo wa malemu, bere limodzi. Mchombo wanga unagwera m'mudzi muno. Ndakhala ku Zambia kuyambira 1965, ndiye Chichewa changa chikapotoka penapake mundikhululukire, ana a pano andiseka kale mokwanira. Abale anati mbiri ndilembe ndine poti ndinali mphunzitsi. Anandisankha okha, ndiye andipirire.

Ndiyamba ndi lonjezo. Mu Malichi 1965, pamunda wa chimanga wotsiriza munthu asanalowe m'Zambia, ndinamasula mwana wanga Rozi kumsana n'kumupereka m'manja mwa malemu. Anali ndi zaka ziwiri, chikuku chitamugwira, mvula ikugwa, ndipo ulendo wathu sunali wonyamula mwana wodwala. Ine ndi amuna anga, malemu a Mateyo, tinkachoka mmene ena ankachokera chaka chimenecho, osatsanzika. Zifukwa zake sizikambidwa pamaliro. Achimwene anavula jekete lawo, namufunditsa mwanayo, n'kundiuza kuti ndipite ndi mtima umodzi. Anati tsiku lililonse limene ndidzabwere ndidzamupeza, ndipo adzandibwezera m'manja mmene ndawapatsiramo, wopanda ndi kachipsera komwe. Ndinawakhulupirira. Anali amalume a mwanayo, ndiponso anali munthu wa chipatala. Ndikanamusiyiranso ndani woposa pamenepo?

Malemu a Benedict Timoteyo Kathumba anabadwa pa 21 Malichi 1936 m'mudzi muno mwa Kalinde, kufupi ndi Ludzi, boma lino la Mchinji. Anali oyamba m'banja la ana anayi. Awiri apakati anatisiya ali makanda, tinatsala awiri, iwo ndi ine chitsiriza.

Sukulu anayamba mu 1944 ku mishoni ya Ludzi, ndipo anabatizidwa komweko. Anali mwana wodekha, wosathamangira kuyankha, amene akakuyang'ana unkayamba kudzifufuza wekha kuti walakwa chiyani. Ine ndinawatsatira patapita zaka zingapo. Mabuku awo ndinkawamaliza kuwerenga eni ake asanawatsegule, ndipo masamu ena amene aphunzitsi ankawayamikira nawo ankachitidwa ndi dzanja ili. Sindikunena izi kuti ndiwachepetse. Ndikunena chifukwa palibenso wamoyo amene angazinene. Itakwana nthawi yopitiriza maphunziro, bambo athu anati sukulu yapatali ndi ya mwana wamwamuna, wamkazi akadziwa katekisimu kwatha. Tsiku limene ankanyamuka, bokosi lawo lachitsulo ndinalisenza ndine mpaka pamsewu. Uphunzitsi wangawu ndinakaupeza kwa eni, ndili mayi kale.

Mu 1955 anapita ku Zomba kukaphunzira za chipatala, ndipo atamaliza anagwira zaka ziwiri kwa odwala misala. Kumeneko n'kumene anatola luso limene ladzaza bwaloli lero. Ankanena kuti munthu woopsa ndi munthu wochita mantha nkhope zawo n'zofanana, ntchito ya wachipatala ndi kuwasiyanitsa. Akabwera naye munthu womangidwa ndi zingwe za njinga, abale akukuwa kuti adokotala samalani akulumani, iwo ankayamba avula tayi, n'kuchotsa lumo ndi mabotolo patebulo, n'kukhala pampando wamfupi kuposa wa wodwalayo. Chitseko ankachisiya chotsekula, ndipo sankachitchinga ndi thupi lawo, kuti wodwala aziona njira ndipo iwonso akhale nayo. Kenako ankamufunsa ngati wadya. Ambiri ankamasulidwa pomwepo. Ochepa amene malemu ankakana kuwamasula, pambuyo pake zinkaoneka kuti sanalakwitse.

Pa 9 Seputembala 1961 anamanga ukwati woyera m'tchalitchi cha Ludzi ndi alamu anga, Mayi Malita, amene akhala apawa. Mulungu anawapatsa ana aamuna atatu, a Timoteyo, a Damiyano ndi a Selesitino. Mwana wamkazi sanawapatse.

Mu 1963 anatumizidwa kwathu kuno, pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi Kamwendo. Nthawi imeneyo boma tinkati Fort Manning, msewu unali wafumbi, ndipo kuchoka pano kufika pa Kamwendo munthu unkayenda mumthunzi wa misuku ndi mitondo. Pobwera pano sindinapeze ndi chitsa chomwe, mitengo yonse inathera m'mabalani a fodya, ndipo ndinachita kufunsa njira ya kumudzi kwathu kwa mwana wa sukulu. Koma za ine zikhale. Udindo wa malemu unali medikolo asisitanti. Anthu ankangoti adokotala, iwo ankakonza, kenako anatopa kukonza.

Pa chipatala chimenechi ntchito yawo inatembenuka. Amisala anali ochepa. Ochuluka anali amayi obwera ndi mabala, aliyense ndi nkhani yake yoloweza kunyumba: ndagwa pachitsime, chandigunda chitseko, ng'ombe yandiponda. Malemu ankati zitseko za ku Kamwendo n'zaukali kuposa za dziko lonse, ndipo n'zodabwitsa kuti zimagunda akazi okhaokha, makamaka fodya akagulitsidwa. Choyamba ankatulutsa mwamuna m'chipinda, mwaulemu ndithu. Ankamutuma kukatunga madzi owiritsira majakisoni, kapena kukagula sopo kusitolo ya a Abbasi pa Kamwendo. Ankati mwamuna woyankha funso limene lafunsidwa kwa mkazi wake, wayankha kale funso lina limene sunamufunse. Akatsala ndi mayiyo ndi namwino, sankayamba ndi bala lalikulu lija. Ankayang'ana kuseri kwa mikono, kumene munthu amatchingira nkhope, kenako ankapempha kuti duku kapena chitenje cha m'khosi chichotsedwe. Akamva mawu osasa, kumeza kukuvuta, m'maso muli timadontho ta magazi, ankaika cholembera pansi. Ankati womenya mbama akufuna kupweteka, koma wogwira pakhosi wayeserera kale kupha, chatsala ndi tsiku.

Ndiye ankafunsa mafunso amene anthu sankafunsana masiku amenewo. Kodi chikwanje chimagona kuti, kunja kapena kumutu kwa mphasa? Kodi anakumenyanipo muli ndi pakati? Ananenapo kuti akuphani kenako adzimangirira? Panalinso funso lina limene anamwino atsopano ankaseka: kodi pabwalo amasesa ndani? Malemu anali ataona kuti mwamuna wansanje yeniyeni, ija yosadikira umboni, amasesa yekha kuzungulira nyumba asanachoke, kuti pobwera adzawerenge mapazi. Woledzera wotukwana pamsewu sankawadetsa nkhawa kwenikweni, ankati ameneyo ndi wa apolisi. Amene ankawaopa ndi wachete, waukhondo, wosaiwala moni, amene akagwidwa amagwada n'kulira misozi yeniyeni.

Akaona zotero, mayiyo sankabwerera kunyumba. Ankamugoneka m'chipatala, pakhadi n'kulembapo malungo, ndipo malungo amenewo ankapola pokhapokha alongo ake a mayiyo akafika. Kalata ya ku polisi ankailemba mosabisa kanthu, ngakhale mwamunayo akhale kapitawo wa pa esiteti. Apa m'pamene ankayambana ndi ankhoswe. Ankhoswe ankabwera ndi zipewa m'manja kudzanena kuti takambirana, mwamuna wapepesa, nkhuku yaperekedwa, nkhani yatha, tipatseni mkazi wa eni. Malemu ankayankha kuti nkhuku siichiza khosi. Ankati mkazi akathawa kenako n'kubwezedwa, sabata yoyambayo adzukulu azinola makasu, chifukwa mwamuna uja wadziwa tsopano kuti mkaziyo akhoza kuchoka. Mawu amenewa sankakoma m'makutu mwa akuluakulu. Ena muli pompano, ndikukuonani, munawapatsa dzina lakuti a Pasulani. Pamaso pa anthu ankaliseka dzinali. Alamu andiuza kuti kunyumba silinkawaseketsa.

Nditchule munthu mmodzi, poti wandilola. Mayi Tabeth ali apo, pakati pa amayi a kwaya, imvi zili mbuu. Mu 1974 anabwera kuchipatala ati agwa pa mlatho. Malemu anawafunsa za tsache, atamva yankho anawagoneka m'chipatala. Amuna awo ankabwera tsiku ndi tsiku ndi nthochi, n'kukhala pakhonde osalankhula, chipewa chili pabondo, mpaka anamwino anayamba kunena kuti adokotala akuzunza munthu wosalakwa. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anabwera. Malemu anakana kuwatulutsa. Anakalankhula ndi a Abbasi, amene lole yawo inkapita ku Chipata ndi mtedza, ndipo akazi awo a Abbasi, Mayi Asiatu, anawaveka Mayi Tabeth nsalu zawo n'kuwakweza kutsogolo ngati m'bale wa banjalo. Anakatsikira kwa alongo awo. Mwamuna uja anakwatira wina, ndipo chimene chinamuchitikira mkazi wachiwiriyo, amene sanafike n'kuchipatala komwe, akuluakulu mukuchikumbukira. Mayi Tabeth lero ali ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Dzulo anandikumbatira akulira, ati alongo anu anandipatsa moyo. Ndinawayang'ana imvizo nthawi yaitali. Imvi n'zokongola, amayi, ndipo si onse amazipeza.

Otere alipo ambiri pano. Kuyambira Lolemba akubwera wapansi, ena kuchokera kwa Mlonyeni, ena kutsidya kwa malire, aliyense ndi kankhuni kake ndi nkhani yake. Ana a eni onsewa. Ine maliro anga akadzachitika, sindikudziwa ngati adzukulu adzakwane.

Tsopano ndibwerere kwa mwana amene ndinawasiyira. Chikuku chinapola, ndipo ndiyenera kunena zoona, anamulera bwino. Sanagone ndi njala, sanayende wopanda nsapato. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Malemu mwambi umenewu anautenga mopitirira muyeso. Kusukulu anamulembetsa kuti Rozi Kathumba, ati kuti asavutike ndi dzina la bambo ake, ndipo pamenepo sindinawatsutse. Koma anakula akuti ababa kwa iwo, amayi kwa alamu angawa. Mu 1970, titakhazikika ku Kabwe, ndinatuma a Abbasi kuti andibweretsere mwana. Anabwera okha. Ati achimwene akuti mwana wangoyamba kumene sukulu, kumuzula tsopano n'kumuononga. Mu 1972 a Abbasi anandibweretsera chithunzi cha Ukalistiya wake woyamba. Diresi loyera, tsitsi lolukidwa ndi zala za wina, ndi dzanja la alamu lili paphewa pake. Mphumi inali yanga. Ndinkachiyang'ana nditaphimba dzanja lija ndi chala. Mu 1977 ndinatumanso. Ati njira sizili bwino, mtsikana wamkulu sangaoloke ndi malole, komanso lonjezo linali lakuti ndidzamupeza ndikadzabwera, silinali lakuti adzanditumizira. Apo achimwene anayankha ngati loya. Ankadziwa kuti kubwera sindikanatha.

Ana ena Mulungu sanandipatse. Ndaphunzitsa ana a eni mazanamazana kuwerenga, ndipo wanga anaphunzitsidwa ndi ena.

Pa 20 Ogasiti 1983 Rozi anakwatiwa ndi Cyprian, kalaliki wa pa esiteti ya fodya kufupi ndi Kamwendo. Nkhoswe ya mkazi anali malemu, monga mwa mwambo, poti anali amalume ake. Amene anamuperekeza m'tchalitchi ndi iwonso. Ine ndinamva pambuyo pake kuti kunaphedwa ng'ombe. Mnyamatayo malemu ankamukonda. Sankamwa, ankaimba m'kwaya, malaya ake ankasita yekha, ndipo akakumana ndi apongozi pamsewu ankatsika njinga ali kutali. Loweruka ankabwera kudzasewera nawo bawo. Malemu ankanyadira kuti nawonso a Pasulani amanga banja, ndipo anthu aone kuti m'nyumba mwawo ukwati umakhala. Mu 1984 kunabadwa mwana, Stefano.

Zimene ndinene tsopano sindinazione ndi maso. Andiuza ndi alamu ndi Mayi Asiatu, aliyense payekha, ndipo nkhani zawo sizikusiyana. Onse ali pano. Ndikanama andidule.

Kumayambiriro kwa Okutobala 1986 Rozi anabwera kwa amalume ake ndi mwana kumsana, wopanda katundu. Kunali kutentha kwa Okutobala kuja, koma iye anali atakulunga chitenje m'khosi. Mawu anali osasa. Ati chimfine. Kwa Mayi Asiatu, kumene ankakagula ulusi, ananena zambiri. Anati akaweruka ku Misa amafunsidwa kuti anayang'ana ndani. Anati wogulitsa makala anasiya kuima pakhomo pawo chifukwa anaopsezedwa. Anatinso kunyumba kwake sagwira tsache la panja, amuna ake amasesa okha m'mawa uliwonse asanapite kuntchito. Mayi Asiatu anali atathandiza malemu nthawi zambiri, tsache ankalidziwa. Anatseka sitolo masana dzuwa likuswa mtengo, n'kupita okha kwa malemu. Anawauza zonse, n'kunenanso kuti lole ikupita ku Chipata Lolemba, mpando wa kutsogolo ulipo, ndipo kuchoka ku Chipata kufika ku Kabwe kwa amayi ake ndi nkhani ya basi imodzi kapena ziwiri.

Malemu anawathokoza. Anati Cyprian ndi mwana waukhondo chabe, amamudziwa, nkhani ikambidwa mwa mwambo. Za lole anati mwana wawo sangapite kwa anthu osawadziwa.

Anthu osawadziwawo ndi ine.

Ndawerenga mabuku ambiri m'moyo wanga, ena a za chipatala, chifukwa kusukulu kumene ndinkaphunzitsa makiyi a laibulale ankakhala ndi ine, ndipo madzulo a ku Kabwe ndi aatali kwa munthu wopanda mwana. Onse amavomerezana pa chimodzi, kuti wachipatala asamaweruze yekha za wa m'nyumba mwake, aitane mnzake. Kwathu kuno tinazidziwa kale, sing'anga sadzitemera yekha mphini. Pa chipatala chawo panali namwino wamkulu, amene akanatha kulowa ndi Rozi m'chipinda n'kutseka chitseko. Malemu sanamuitane. Kumuitana kukanakhala kuvomera pamaso pa anzawo a pantchito kuti m'nyumba mwa adokotala muli wodwala malungo aja.

Nkhani inakambidwa Lamulungu pa 12 Okutobala, itatha Misa, pansi pa mango uyo ali kuseri kwa nyumbayu. Malemu anakhala pampando ngati nkhoswe, tayi ili m'khosi. Ankhoswe a kuchimuna anakhala mbali inayo. Cyprian sanatumidwe kukatunga madzi, sanatumidwe kukagula sopo. Anakhala pomwepo, pafupi ndi mkazi wake. Rozi anagwada chapatali ndi malemu, maso ali pansi, monga achitira mwana wolangizidwa bwino pamaso pa amalume ake. Ndipo amalume, monga mwa ulemu wathu, sayang'anitsitsa mwana wa mlongo wawo kumaso, samuuza kuti vula chitenje ndione pakhosi, samufunsa chimene chimagona kumutu kwa mphasa yake. Zimenezo n'zochititsa manyazi. Mwana wa mlendo ankamufunsa zonsezo asanakhale n'komwe pansi. Mwana wanga anamulemekeza.

Cyprian anavomera kuti anakwiya pang'ono. Anagwada n'kulira, misozi yeniyeni, mpaka ankhoswe ake anapukuta m'maso. Anabwera ndi tambala woyera. Kenako malemu anafunsa Rozi, pamaso pa onsewo, ngati ali wokonzeka kubwerera kunyumba kwake. Rozi anayankha ndi mawu osasa aja kuti mmene anenere ababa. Tambala analandiridwa. Akuluakulu ena amene kale ankati a Pasulani anawagwira chanza tsiku limenelo, ati lero mwakhala ngati munthu wa kwathu.

M'mawa mwake, Lolemba, lole ya a Abbasi inadutsa pamsewu apo, mpando wa kutsogolo uli wopanda munthu. Mayi Asiatu akuti anauza dalaivala kuti aime kaye panjira yolowera m'mudzi muno, ndipo anaimadi, injini ikulira, mpaka anatopa. Tsiku lomwelo malemu anaika Stefano pa njinga, Rozi akutsatira pambuyo, n'kumuperekeza okha mpaka pakhomo pa mwamuna wake. Alamu akuti pobwerako anayamikira kuti pabwalo panali poyera bwino.

Zotsatira zake nonse mukuzidziwa, kupatula ana. Mbiri ili ndi ndondomeko yake, ndizitchula pamalo pake. Pano ndimalize za ntchito.

Malemu anapitiriza kugwira ntchito pa chipatala chomwecho. Anzawo akuti kuyambira chaka chimenecho anasiya bawo, anasiya nthabwala za zitseko, ndipo palibenso nkhoswe imene inatulutsa mkazi m'manja mwawo, ngakhale ibwere ndi mfumu. Ophunzira amene ankatumizidwa kudzazolowera ntchito ankawaphunzitsa mafunso aja limodzi ndi limodzi, ndipo anaonjezapo lamulo latsopano, lakuti m'bale wako akabwera ndi bala, tuluka, uitane wina. Sankafotokoza kumene analitenga. Amayi ambiri amene mwabwera kudzalira lero ndi a zaka zotsirizazi. Munawapeza adokotala atakhwima. Maphunziro amenewo analipira ndi wina, inu munangodya zokolola, ndipo sindikukuimbani mlandu. Ndikungokuyang'anani.

Amuna anga anamwalira ku Kabwe mu 1989. Amene ankafunidwa kuno anali iwowo, ine palibe ankandikumbukira, ngakhale ofunafuna anthu. Ndikanatha kubwera chaka chomwecho. Sindinabwere.

Malemu anayamba kuvutika ndi kuthamanga kwa magazi mu 1988. Mankhwala ankalembera ena, iwo ankaiwala kumwa. Pa 11 Febuluwale chaka chino cha 1991 anagwa ali pantchito, akumanga bala la wodwala. Anatengeredwa ku chipatala cha pa boma, kenako ku Lilongwe, kumene madokotala anachita zonse zimene akanatha. Anabwerako atafa ziwalo mbali ya kumanja, ndipo pakamwa panatsekeka. A Abbasi, amene tsopano akalamba ndipo sayendanso ndi malole, anatuma mwana wawo kudzandiuza kuti ngati ndikufuna kuwaona alongo anga ali moyo, ndinyamuke.

Ndinawapeza atagona m'chipinda icho, maso okha akuyenda. Anandizindikira. Ndinawasambitsa kumaso, ndinawamwetsa phala, ndinasinthana ndi alamu kuwatembenuza. Ndinali ndi funso limene ndinalinyamula kuchokera ku Kabwe, ndipo si la tsache kapena la chitenje. Ndinkafuna kudziwa ngati anakana lole ija chifukwa sanaone choopsa, kapena chifukwa inkapita kwa ine. Ndinawafunsa tili awiri, mmene iwo ankafunsira odwala awo, chitseko chili chotsekula. Anandiyang'ana, milomo inagwedezeka, malovu anatsika, ndinawapukuta. Munthu amene anatulutsa mayankho mwa akazi a boma lonse la Mchinji, ine sanandipatse ndi limodzi lomwe.

Anatisiya Lolemba pa 19 Ogasiti 1991, atalandira Sakramenti la odwala, ali ndi zaka 55. Dzanja lawo linali m'manja mwa alamu.

Malemu asiya mkazi, Mayi Malita. Asiya ana aamuna atatu, a Timoteyo amene ali ku Lilongwe, a Damiyano amene akulima pano, ndi a Selesitino amene atsatira mapazi a bambo awo ndipo akuphunzira za chipatala. Asiya zidzukulu zisanu. Pa zimenezi pali Stefano, uyo wagwira chitenje cha alamuyo, amene amawaitana kuti agogo, ndipo ine amanditcha amayi a ku Zambia. Asiyanso mlongo mmodzi, amene ndi ine.

M'malo mwa banja ndithokoze Bambo Mfumu ndi akhristu a m'mphakati wathu, amene sanatope kubwera kudzapemphera. Ndithokoze madokotala ndi anamwino a pa boma ndi a ku Lilongwe, ndi anzawo a pantchito amene abweretsa bokosi. Ndithokoze mafumu potipatsa malo, adzukulu amene alimbana ndi nthaka youma ya Ogasiti, ndi amayi onse amene mwatunga madzi ndi kuphika. Ndithokoze a Abbasi ndi banja lawo. Chipembedzo chathu n'chosiyana, koma akhala pano kuyambira tsiku loyamba, ndipo galimoto imene yanyamula nkhuni ndi yawo. Mayi Asiatu, inu ndikuthokozani padera. Munatseka sitolo masana. Alamu anga a Malita, munamusambitsa, munamuluka tsitsi, munamva mawu ake oyamba ndi otsiriza, zonse zimene zinali zanga. Zikomo. Mawu ena ndilibe.

Achimwene, a Kathumba, mwagwira ntchito, ndipo bwaloli likuchitira umboni. Ambuye akupatseni mpumulo wosatha, kuwala kosatha kukuwalireni, mzimu wanu uuse mumtendere.

Pamunda uja mu 1965 malemu anati tsiku lililonse limene ndidzabwere ndidzamupeza Rozi. Ndinabwera pa 3 Julaye chaka chino. Rozi anaphedwa ndi mwamuna wake pa 18 Okutobala 1986, Loweruka la sabata yomwe malemu anamuperekeza, ndipo ali kumanda kumene tikupitaku.